Mankhwala a Khunyu Asalekedwe Panjira

Munthu wodwala khunyu asenza mitolo iwiri. Woyamba ndi matenda enieniwo, amene amgwetsa pamoto, pacitsime kapena pamseu mosacenjeza. Waciwiri ndi mankhwala amene ayenera kumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Za mtolo waciwiriwu anthu sakambapo kwenikweni, cikhalireco ndiwo ubweza odwala ambiri m'mbuyo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti anthu pafupi-fupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa ngati alandira mankhwala oyenera. Ici citanthauza kuti khunyu si ufiti kapena tsoka la pamtundu, koma matenda a mu ubongo amene acipatala atha kuwaletsa.

Komabe mankhwala alionse ali ndi zowawa zake. Phenobarbitone, amene anayamba kugwiritsidwa nchito pa khunyu mu 1912 ndipo ndi wochipa, abweretsa tulo ndi kulefuka kwa thupi. Mlimi alephera kulawirira kumunda, mwana wa sukulu aodzera m'kalasi, ndipo ana ena asanduka aukali ndi osakhazikika. Carbamazepine acititsa cizungulire, pamene phenytoin atupitsa usinini. Poona izi wodwala aganiza kuti mankhwala amuonjezera matenda, motero aleka kumwa osauza munthu.

Apa ndipo pali ngozi yaikulu. Kuleka mankhwalawa mwadzidzidzi kungautse kugwa kotsatizana kosalekeza, kumene kungathe kupha. Pamene tulo ndi cizungulire nthawi zambiri zicepa thupi likazolowera, ndiponso dokotala angathe kusintha muyeso kapena kupereka mtundu wina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wodwala abwerere kucipatala nakafotokoze zimene amva, makamaka ngati khungu latuluka zidzolo kapena zilonda, pakuti zimenezo sizifuna kucedwa.

Azimai ayenera kuuzidwa poyera kuti phenobarbitone ndi carbamazepine afoketsa mphamvu ya mapilisi akulera, ndi kuti valproate angathe kuononga mwana m'mimba. Amene amwa ma ARV naonso auze dokotala, cifukwa mankhwala ena sagwirizana.

Udindo suli pa wodwala yekha ai. Anamwino asangopereka mapilisi pazenera, koma akhale pansi ndi wodwala ndi kumuuza zimene adzakumana nazo. Unduna wa za Umoyo uonetsetse kuti mankhwalawa sasowa m'zipatala zing'ono-zing'ono za kumidzi, pakuti munthu woyenda mtunda wautali nabwerera cimanjamanja waleketsedwa mankhwala mosafuna. Aphunzitsi asakwapule mwana woodzera asanafunse cifukwa cake.

Acibale naonso adziwe kuti khunyu siyambukira mwa malovu kapena kukhudzana. Wogwa amcotse pafupi ndi moto, amgoneke cam'mbali, osamuika kanthu m'kamwa. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kucipatala. Ndipo mawa lake amkumbutse kumwa mankhwala ake.