Chigubu si mankhwala a rediyeta yodontha

Mukamayenda m'misewu yathu mwezi wa Okutobala, muziponyako maso m'mbali mwa msewu pamitunda. Pokwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, pa Khwekhwerere mukachoka ku Golomoti, ngakhale pa Chiweta, simulephera kupeza pikapu yakale itaima, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, dalaivala chigubu chili m'manja. Kumbuyo kuli matumba a chimanga, madengu a tomato amene akupsa ndi dzuwa, kapena anthu othamangira kumaliro. Sabata ino ndati tikambirane za rediyeta, chipangizo chimene eni mapikapu ambiri amachikumbukira pokhapokha chikayamba kulira ngati ketulo.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri tinazolowera. Munthu amakuuza mosadandaula kuti galimoto yake ndi yabwinobwino, kungoti imamwa madzi pang'ono, ndiye amayenda ndi chigubu cha malita 20. Abale anga, galimoto simwa madzi ngati ng'ombe. Madzi amene munathira mwezi watha amayenera kukhala ali momwemo. Ngati mukuwonjezera m'mawa uliwonse, pali pamene akutulukira, ndipo tsiku lina adzatuluka onse muli pakati pa mtunda, katundu wa eni ake ali kumbuyo.

Mapikapu a dizilo akalewa, monga Toyota Hilux ya injini ya 2L kapena 3L, Isuzu KB ndi Nissan ya injini ya TD27, ndi opirira kwambiri. Amapirira misewu ya mabampu, katundu wopitirira muyeso ndi oyilo wochedwa kusinthidwa. Chimene sapirira ndi kutentha kopitirira. Injini ikawira kwambiri, gasiketi imapsa, hedi imapindika kapena kung'aluka kumene. Apo ndiye nkhani yachoka kwa wokonza rediyeta, yapita kwa makaniko wophwasula injini, ndipo ndalama zake n'zoti banja limayamba kuyang'ana mbuzi za m'khola. Masiku ano pamene ndalama zakunja zikusowa, zipangizo za galimoto zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku, hedi si chinthu choti munthu n'kuchiseweretsa. Onjezerani masabata amene pikapu idzakhale pamiyala osabweretsa kalikonse pakhomo.

Pali china chimene ambiri sadziwa. Rediyeta yodontha sitaya madzi okha, imatayanso mphamvu ya mpweya imene imaletsa madziwo kuwira. Tayang'anani pachivindikiro cha rediyeta yanu, mupezapo nambala monga 0.9 kapena 1.1. Kugombe la nyanja ya mchere madzi amawira akafika madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati ku Dedza amawira msanga, cha m'ma 95. Chivindikiro chabwino chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka atafika cha m'ma 120. Ndiye pakakhala kabowo, kapena labala wa chivindikiro akatha, madzi amawira pamtunda umene galimoto yabwino ikanakwera osatsokomola n'komwe. Choopsa china n'chakuti madzi akachepa kwambiri, kachipangizo koyeza kutentha kamakhala pouma, ndiye muvi wa pa geji ukhoza kukunamizani kuti zonse zili bwino pamene injini ikupsa.

Musanathamangire kukagula rediyeta ina, pezani kaye podontha. Nthawi zambiri wolakwa sakhala rediyeta. Akhoza kukhala paipi ya labala imene yafufuma kapena kung'ambika, kilampu yomasuka, chivindikiro chotopa, kapena pampu ya madzi imene imadonthera pakabowo kake ka pansi ikayamba kutha. Tsukani injini, iume, kenako yang'anani pamene pakubwera chinyezi kapena pamene pali zoyera zouma ngati mchere. Makaniko wodziwa ntchito amakhala ndi kapampu kamene amamanga pakamwa pa rediyeta n'kupopera mpweya, podontha pamaonekera pompo. Ndipo injini ili yozizira, tsegulani chivindikiro, ilizeni, muone. Madzi akamatulutsa thovu kosalekeza, kapena oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena kumbuyo kukamatuluka utsi woyera wosatha, gasiketi yapita kale. Mukaika rediyeta yatsopano pa injini yotere, nayonso iphulika.

Tsono tibwere ku mankhwala achikuda. Aliyense pa siteji ali nawo ake. Wina akuti thiranimo dzira laliwisi, wina ufa, wina tsabola wopera, wina akuti matani sopo. Sindikana, munthu ukagwidwa ndi mdima kutali ndi mudzi umachita chilichonse kuti ufike, ndipo zina mwa izi zimatsekadi kabowo kwa kanthawi. Koma dzira silidziwa kusiyanitsa kabowo kodontha ndi timapaipi ta rediyeta. Timapaipito ndi topyapyala kwambiri, ndipo chilichonse chotseka bowo chimathanso kutseka ito. Kudontha kumasiya, mwini galimoto n'kusangalala, koma theka la rediyeta lasiya kugwira ntchito. Mankhwala a m'botolo ogulitsidwa m'masitolo ndi abwinoko, komabe ntchito yake ndi yokufikitsani ku galaja basi.

Chimodzimodzi chizolowezi chochotsa thermostat ati kuti madzi aziyenda momasuka. Kuteroko n'kubisa matenda. Injini imachedwa kufunda m'mawa, imadya dizilo wambiri, imatha msanga, ndipo pa injini zina kuchotsa kachipangizoka kumasiya njira yachidule yotsegula, madzi ena n'kumazungulira mu injini osadutsa mu rediyeta.

Funso lenileni n'lakuti, tikonze kapena tigule ina? Yankho lili pa chimene rediyetayo inapangidwira.

Ngati ndi ya mkuwa, ija yolemera ya mathanki achitsulo, ine ndimati konzani, ndipo muisunge ngati dzira. Ku Ndirande, ku Limbe, kwa Biwi ku Lilongwe ndi m'matauni ena kuli amisiri amene ntchito yawo ndi imeneyi. Mmisiri weniweni sangomata pamene mwamulozera. Amachotsa thanki ya pamwamba ndi ya pansi, n'kutokosa kapaipi kalikonse ndi kachitsulo kopyapyala mpaka dzimbiri ndi matope zituluke, n'kuwotchereranso ndi mtovu, kenako n'kuimiza m'madzi akuipopa mpweya kuti aone ngati pali potuluka thovu. Muzikhalapo pamene akuyesa. Kapaipi kakaboola pakati, amatha kukatseka mbali zonse ziwiri. Kutseka tiwiri kapena titatu palibe vuto, koma mukaona kuti totsekedwa tachuluka, kapena timapepala ta pakati tikuyoyoka mukatikhudza ndi chala, rediyetayo yatha. Apo funsani ngati angasinthe pakati pokha n'kusiya mathanki anu. Ndipo ikalephereka ndithu, musaisiye pa galaja ngati chinyalala. Mkuwa ndi ndalama, ogula zitsulo zakale akudziwa bwino zimenezi.

Ngati ndi ya aluminiyamu ya mathanki a pulasitiki, nkhani ndi ina. Thanki yake imakhala pa labala, n'kupanidwa ndi timano ta aluminiyamu. Pakapita zaka, pulasitiki uja amapsa ndi kutentha, amasintha mtundu kuchoka pakuda kukhala wofiirira, n'kuyamba kusweka ngati chikho chakale. Mukamata mng'alu ndi guluu wosakaniza uja, mawa ung'aluka pafupi pomwepo, chifukwa pulasitiki yenseyo watopa. Pakati pakakhala pabwino ndipo thanki yatsopano ikupezeka, isintheni. Apo ayi, gulani rediyeta ina, ndipo musaumire.

Pogula ndiye pofunika maso. Rediyeta yochotsedwa ku galimoto ina imakopa chifukwa cha mtengo, koma kumbukirani kuti pulasitiki wake akhoza kukhala wa msinkhu umodzi ndi amene wakuswekeraniyo. Kaya mukugula yakale kaya yatsopano, nyamulani yanuyo mukafanizire. Onani kutalika, onani pamene pali makamwa a mapaipi, koma makamaka onani kunenepa kwa pakati. Pali zina zimene zimalowa bwinobwino pamalo pake koma ndi zopyapyala, zoyenera injini yaing'ono ya petulo. Pikapu ya dizilo yonyamula matumba pamtunda imafuna yonenepa ngati imene inabwera nayo. Ngati galimoto yanu ndi yosintha yokha magiya, onetsetsani kuti rediyetayo ili ndi timapaipi toziziritsira oyilo wa giyabokosi.

Pomanga, musalole kuti mnyamata wa pa galaja ataye timalabala tokhalira rediyeta n'kuimanga ndi waya kapena kuikhomera pachitsulo. Misewu yathu ya kumudzi idzaigwedeza mpaka ing'aluke msoko. Musalolenso kuti ataye chipulasitiki chozungulira fani, chifukwa ndicho chimachititsa kuti fani izikoka mphepo kudutsa mu rediyeta galimoto ikamakwawa pamtunda. Sinthirani limodzi chivindikiro ndi mapaipi ofewa, ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi zimene mukuteteza. Onaninso lamba wa fani.

Chotsala ndi madzi enieniwo, ndipo apa ndi pamene rediyeta zambiri zimafera. Madzi a pamjigo m'madera ambiri ali ndi miyala yosungunuka, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mijigo ina ndi ya mchere weniweni. Zoyera zimene zimamera m'ketulo zimameranso m'timapaipi ta rediyeta. Madzi a mumtsinje amabwera ndi matope ake. Ndamvapo eni galimoto akunena kuti madzi obiriwira kapena ofiira ogulitsidwa m'masitolo aja ndi a kumayiko ozizira, kuno kulibe chisanu choumitsa madzi. N'zoona kuti chisanu chotero kuno kulibe, koma dzimbiri liliko, ndipo m'madziwo muli mankhwala oletsa dzimbiri kudya injini, pampu ndi rediyeta. Mukatsegula chivindikiro n'kupeza madzi ofiira ngati a m'chithaphwi, dziwani kuti chimene mukuonacho ndi chitsulo cha injini yanu. Tsukani monse, thirani madzi ogulawo monga mwa malangizo a pabotolo, ndipo ngati ndi ofunika kusakaniza, madzi a mvula osefedwa bwino amaposa a pamjigo. Muwasunge patali ndi ana ndi ziweto, chifukwa amatsekemera koma ndi poizoni.

Ikakuwirirani panjira, imani pamalo abwino ndipo musakhudze chivindikiro. Madzi ake amathovoka mwamphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, mpaka muthe kugwira paipi ya pamwamba ndi dzanja. Tsegulani ndi nsalu, pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali. Pothira madzi, lizani injini ndipo muzithira pang'onopang'ono, chifukwa madzi ozizira othiridwa kamodzin'kamodzi pa hedi yotentha akhoza kuing'alula pomwepo. Okwera adandaule kuti achedwa, asiyeni adandaule.