Mau a Cingerezi Ali ndi Mizu Yace



Mwezi uno ndifuna kulankhula ndi anyamata ndi atsikana amene apita patali ndi sukulu, amene akonzekera mayeso a Folomu 4, kapena ayamba kale maphunziro a ku koleji. Koma ndipempha kuti inunso makolo muchere khutu, pakuti nkhaniyi ikhudza thukuta lanu. Mudziwa kuti pa mayeso a MSCE mwana angakhoze masamu ndi zaulimi ndi maphunziro ena, koma akalephera Cingerezi salandira setifiketi. Ndiponso mafunso a maphunziro ambiri alembedwa m'Cingerezi comweco, kotero kuti mwana wodziwa bwino yankho angathe kulakwa cifukwa sanamve liu limodzi la m'funso. Pamenepo mtedza ndi mbuzi zimene munagulitsa kuti mumlipirire sukulu zapita pacabe.

Ophunzira ambiri, pakufuna kucurukitsa mau, atenga dikishonale, ndilo buku lomasulira mau, nayamba kuloweza pamtima kuyambira pa tsamba loyamba. Khama lao ndi lokoma, koma njira yao ndi yotopetsa ndi yopanda phindu. Dikishonale imene Samuel Johnson anatsiriza m'caka ca 1755 inali ndi mau oposa 42,000, ndipo madikishonale akuru a masiku ano ali ndi ocuruka koposa. Ndani angasenze zonsezo m'mutu? Munthu wina wa ku Germany, dzina lace Hermann Ebbinghaus, anadziyesa yekha pakuloweza timau topanda tanthauzo, ndipo m'caka ca 1885 anaonetsa kuti zambiri zolowezedwa motero zithawa m'mutu lisanathe tsiku limodzi.

Nanga wophunzira afunika mau angati? M'caka ca 1953 Michael West anasindikiza mndandanda wa mau ngati 2,000 amene apezeka kawirikawiri m'Cingerezi. Ndi amenewo munthu akhoza kugula, kufunsa njira, ndi kuceza za tsiku ndi tsiku. Koma m'caka ca 2006 Paul Nation, mphunzitsi wa ku New Zealand, anawerengera kuti munthu wofuna kuwerenga nyuzipepala ndi mabuku a nthano popanda womthandiza afunika mabanja a mau pakati pa 8,000 ndi 9,000. Mtunda umene uli pakati pa ziwerengero ziwirizi ndiwo ulendo wa wophunzira wamkuru. Ndipo taonani kuti wanzeruyo anawerenga mabanja a mau. Pamenepo ndipo pagona cinsinsi cace.

Kuti timvetse banja la mau, tiyambe ndi cinenero cathu. Mwana wa m'mudzi adziwa kuphunzira, kuphunzitsa, mphunzitsi, wophunzira, phunziro, ndi ciphunzitso. Palibe anamuuza kuti aloweze mau asanu ndi limodzi. Iye anagwira muzu umodzi, ndiwo phunz, ndipo zina zonse azizindikira ndi zimene ziikidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwace. Cingerezi naco ciri cotero, kungoti mizu yace yambiri inacokera ku zinenero zina, ndipo cifukwa cace cipezeka m'mbiri ya dziko la England.

M'zaka za m'ma 400 mitundu ya Angles ndi Saxons inaoloka nyanja kucokera ku maiko amene lero ndi Germany ndi Denmark, nikhala m'cisumbu ca Britain. Mau afupiafupi a pakhomo, monga house, bread, water ndi mother, ndiwo colowa cao. M'caka ca 597 Augustine Woyera, wotumidwa ndi Papa Gregory, anafika ku Kent nakhazikika ku Canterbury, ndipo pamodzi ndi Mpingo panalowa mau a Cilatini monga altar, candle, mass ndi school. Pambuyo pace, m'caka ca 1066, William wa ku Normandy anapambana nkhondo ya ku Hastings nalanda ufumu, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 mafumu ndi oweruza analankhula Cifalansa, cimene naco ndi mwana wa Cilatini. Apo ndipo panacokera judge, court ndi government. Kufikira lero ng'ombe ikhala cow m'khola koma beef m'mbale, nkhosa sheep koma mutton, nkhumba pig koma pork: dzina la ciweto ndi la Cingerezi cakale, dzina la nyama yace ndi la Cifalansa. Potsiriza, m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, anthu ophunzira anatapa mau ena ambirimbiri m'mabuku a Cilatini ndi Cigiriki.

Cifukwa ca ici cinthu cimodzi cikhala ndi maina awiri kapena atatu. Kufunsa ndi ask pakhomo, question m'sukulu, ndi interrogate ku polisi. Kukwera ndi rise, ndi mount, ndi ascend. Mau oyambawo mwana awadziwa kucokera ku pulaimale. Amene amgwetsa pa mayeso ndi enawo, ndipo enawo ndiwo amene mizu yace ioneka poyera kwa munthu wodziwa kuyang'ana.

Ife Akatolika tiri ndi mwai pa nkhani iyi, pakuti mizu ina tinaimva kale m'chalichi. Liu la Cilatini lakuti mittere ndilo kutuma. Liu lathu lakuti Misa linacokera pa mau otumiza anthu pa mathero a mwambowo, ndipo mishoni ndi malo a anthu otumidwa. Tsono mukaona mit kapena miss m'kati mwa liu, ganizani za kutuma: transmit ndi kutumiza kutsidya, dismiss ndi kucotsa munthu kuti apite, admit ndi kumlola alowe, permit ndi kumlola apyole. Momwemonso credere ndilo kukhulupirira: creed ndi cikhulupiriro, credible ndi cinthu coyenera kukhulupiriridwa, ndipo credit ndi ngongole imene wa sitolo akupatsani pokukhulupirirani. Scribere ndilo kulemba: scripture ndi Malembo, prescribe ndi kulemberatu monga acita dokotala ndi mankhwala, subscribe ndi kulemba dzina pansi, ndipo manuscript ndi colembedwa ndi dzanja, pakuti manus ndilo dzanja. Portare ndilo kunyamula: fodya wathu akaturuka m'dziko ndi export, feteleza akalowa ndi import, ndipo galimoto yomnyamula icita transport.

Mwaona kuti timau ta kutsogolo tibwerezedwabwerezedwa: ex ndi kunja, trans ndi kutsidya, sub ndi pansi, pre ndi patsogolo, re ndi kubwereza kapena kubwerera. Wodziwa mizu makumi awiri ndi timau totere khumi ali ndi kiyi wa mau mazana. M'caka ca 2000 Averil Coxhead, wa ku Victoria University of Wellington, anasonkhanitsa mabanja 570 a mau amene apezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi a Cilatini kapena Cigiriki. Mwana wogwira mabanja khumi pa mlungu angawatsirize onse m'caka cimodzi ndi milungu isanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma cenjerani, ana anga, pakuti muzu ungokulozerani njira, ndipo nthawi zina usokeretsa. Kaliu kakuti in kamatanthauza kukana m'mau ambiri, monga incredible, cinthu cosakhulupirika. Koma inflammable ndi cinthu coyaka msanga monga petulo, ndipo invaluable ndi cinthu ca mtengo wapatali koposa. Credible ndi credulous ndi apacibale, koma woyambayo ndi mboni yoona, ndipo winayo ndi munthu womeza bodza liri lonse. Cotero mukaganizira tanthauzo pa muzu, tsimikizani m'dikishonale. Safunsa anadya phula.

Cinanso ndi ici: liu liri lonse liri ndi anzace oyenda nao. Ife timati mvula yamphamvu, koma Mngerezi ati heavy rain, ngati kuti mvula ilemera. Polakwa ati make a mistake, ndipo wolemba do a mistake walakwa kawiri. Ndiponso timau tating'ono tisanduliza tanthauzo lonse: put off ndi kucedwetsa cinthu kufikira tsiku lina, put out ndi kuzimitsa moto, put up with ndi kupirira. Zotere sizipezeka ndi mizu. Zipezeka ndi kuwerenga. A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Cingerezi ku Japan zaka zambiri, anaona bvuto limeneli mwa ophunzira ace, ndipo pamodzi ndi anzace awiri anakonza dikishonale yoonetsa liu m'ciganizo cace. Inaturuka ku Tokyo m'caka ca 1942, ndi ku Oxford m'caka ca 1948, ndipo ndiyo kholo la Oxford Advanced Learner's Dictionary. Mukaitsegula, musaime pa tanthauzo lokha; werengani ziganizo za citsanzo zimene ziri pansi pace.

Tsono citani motere. Khalani ndi kope limodzi la mau okhaokha. Tsiku liri lonse werengani masamba angapo a buku kapena nyuzipepala, ngakhale yakale imene anakulungira katundu pa msika. Mukakomana ndi liu lacilendo, musathamangire dikishonale. Tsirizani ndimeyo, yesani kulota tanthauzo pa muzu ndi pa nkhani, ndipo pamenepo tsimikizani. Lembani m'kope ciganizo conse m'mene munalipeza, tanthauzo lace m'Cicewa, abale ace awiri kapena atatu, ndi ciganizo canucanu conena za kumunda, kudambwe kapena kumsika. Mau asanu pa tsiku akwanira. Bwererani kwa iwo mawa lace, ndi patapita masiku atatu, ndi patapita mlungu, ndi patapita mwezi, mutaphimba tanthauzo ndi dzanja; pakuti kukumbukira mobvutikira ndiko kukhomera liu m'mutu, monga mbande za fodya zifuna kuthirira kawirikawiri, zingafe.

Ndipo inu bambo ndi mai, musanene kuti, Ife sitinapite ku sukulu, nkhaniyi si yathu. Madzulo mutadya nsima, muuzeni mwana kuti achule mau ace asanu, nakumasulireni m'Cicewa. Mukapanda kumva, muuzeni anenenso, pakuti mwana amene sangathe kufotokozera amace tanthauzo la liu sanalidziwe liulo. Mpatseni nyali ndi kanthawi kopanda nchito, mtsikana cimodzimodzi ndi mnyamata, ndipo musamseke akamalankhula yekha kuseri kwa nkhokwe. Alikunola lilime lace. Musaleke kumuuza nthano ndi miyambi, cifukwa wodziwa kulemera kwa mau m'cinenero ca makolo ace ndiye amene azindikira msanga kulemera kwa mau m'cinenero ca eni.

Cotsiriza ndinena kwa inu ophunzira. Pali ena amene, akagwira mau aataliatali, awaponya pali ponse, ngakhale pa maliro ndi pa bwalo la mfumu, kuti anthu awaope. Umenewo si ulemu, ndipo woyesa mayeso sanyengedwa nao. Munthu amene mau ace acuruka adziwika ndi kusankha kwace: ku khoti adziwa interrogate, ndipo kwa mwana wamng'ono anena ask. Sonkhanitsani mau kuti mumve bwino za ena, ndi kuti ena amve bwino zanu, kuti tsiku lina muwerengere agogo anu kalata ya ku cipatala kapena pepala la malo popanda kuwasokeretsa.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kalembedwe ka kalata yopempha nchito. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Katekisti