Wailesi ya agogo yayamba kuthawa siteshoni

Agogo anga aamuna ku Ligowe ali ndi wailesi yomwe inayamba kulankhula ine ndisanabadwe. Ndi ya mabatire aakulu aja, ndipo chogwirira chake anachimanga ndi mphira ya njinga. Mwezi watha nditapita kukawaona, sanandifunse za ntchito kapena za banja monga achitira masiku onse. Anangoti, "Iwe wa sukuluwe, wailesi yangayi yayamba mwano."

Nkhani yake inali yosaseketsa. Tsiku lina masana ankamvera mauthenga achisoni atakhala pakhonde. Muulutsi atangoti "achibale a ku Neno", mawu anayamba kuzilala mpaka kunangotsala phokoso la shiii. Pomwe amapotokola kuti aipezenso siteshoni, uthenga unali utadutsa. Patapita masiku anayi ndi pomwe anamva kuti womwalirayo anali mnzawo wa paubwana yemwe ankakhala ku Blantyre. Anali ataikidwa kale.

Agogo ankaloza mapiri a Neno kuti ndiwo olakwa. Pang'ono akunena zoona, chifukwa mafunde a FM sakhota bwino kuseri kwa phiri. Koma phiri silisuntha masana n'kubwerera madzulo. Chomwe chinkasuntha chili m'kati mwa wailesimo.

Ambirife timaganiza kuti wailesi imangomvera basi. Ayi ndithu, nayonso imapanga mafunde akeake. Muli kagawo kotchedwa oscillator, kopangidwa ndi waya wokulungiza, kapasita ndi tiranzisita, komwe kamanjenjemera kambirimbiri pa sekondi. Mukamapotokola kufuna siteshoni, mumakhala mukusintha liwiro la kunjenjemerako. Kenako wailesi imasakaniza mafunde akeake ndi ochokera kusiteshoni, n'kutengapo kusiyana kwake. Pa FM kusiyanako kumayenera kukhala 10.7 MHz nthawi zonse. Siteshoni ikakhala pa 100 MHz, oscillator imayimba pa 110.7 MHz. Mukapita pa 90, iyo imatsikira pa 100.7.

Chifukwa chake n'chapafupi. FM imayambira pa 87.5 mpaka 108 MHz, ndipo kupanga sefa yabwino yomasinthasintha malo onsewo n'kovuta komanso kodula. Ndiye amangopanga sefa imodzi yabwino kwambiri, ya 10.7, siteshoni iliyonse n'kumaitsitsira pamenepo. Kaya ndi MBC, kaya ndi Zodiak, zonse zimadutsa pakhomo limodzi. Nzeru imeneyi anaikhazikitsa Edwin Armstrong wa ku America mu 1918, ndipo pa AM nambala yake nthawi zambiri ndi 455 kHz.

Vuto la agogo lagona apa. Waya ndi kapasita zimasintha pang'ono zikatenthedwa, komanso batire likafooka. Pa 110 MHz, kuphonya ndi gawo limodzi lokha pa 1,000 ndi 110 kHz, pomwe siteshoni ya FM imatenga malo pafupifupi 200 kHz. Ndiye kuti wailesi yagonera kale m'mphepete. Tsono taganizani wailesi yokalamba, yakuda, ili padzuwa la Okutobala, ndi mabatire omwe agogo amawayanika kuti "abwerere mphamvu".

Mawailesi ambiri atsopano, ngakhale ya mufoni mwanumo, sathawa chonchi chifukwa ali ndi PLL. Amene munasinjapo awiri mumtondo umodzi simuvutika kumvetsa. Simuwerenga kuti wani, thu. Mumayang'ana musi wa mnzanu: akatsogola mumafulumira, akatsalira mumadikirako, mpaka misi ikulowa mosinthana osagundana. M'wailesi, mnzanu wosaphonyayo ndi kamwala ka quartz, konga ka muwotchi komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, kutenthe kuzizire kusintha kwake n'kochepetsetsa. PLL imagawa liwiro la oscillator mpaka lifanane ndi la kamwalako, n'kumayerekeza ziwirizi mosalekeza. Oscillator ikangoyamba kutsogola kapena kutsalira, mphamvu ya magetsi yoilamulira imasintha n'kuibwezera pamzere, khutu lanu lisanamve kanthu. Mfalansa wina, Henri de Bellescize, analemba za njirayi mu 1932. Kumasiteshoni nakonso amadalira yomweyi kuti asalowerere malo a anzawo omwe bungwe la MACRA linagawa.

Koma chinandipweteka kwambiri si dzuwa. Nditatsegula kumbuyo, ndinapeza tizitini tating'ono tija tokhala ndi mitu yamitundumitundu titakandidwa ndi sikuludiraiva. Agogo anavomera kuti anaipititsa kwa mnyamata wina wokonza zinthu, yemwe anati "ndangomangitsa masikuluwu omasuka". Abale, amenewo si masikuluwu! Ena mwa iwo ndi mbali ya sefa ija, ndipo anawatchera kufakitale ndi makina oyezera. Ukawapotokola mwachimbulimbuli, wailesi imagontha ndipo kuibwezera ndi khutu lokha n'kwamwayi. Sindikunyoza okonza mawailesi, alipo odziwadi ntchito. Koma wina akangotsegula n'kuyamba kupotokola chilichonse chomwe waona, tengani katundu wanu mudzipita.

Ndinawagulira yatsopano, yokhala ndi manambala ndi mabatani, yotchaja ndi sola. Pogula ndinasamala, poti ena amangoikapo manambala owala koma m'kati muli zakale zomwe zija. Ndinafuna yosunga masiteshoni, yoti ukadina batani imadumpha yokha n'kukaima pamalo. Ndinawasungira masiteshoni atatu, n'kuwaonetsa kawiri konse.

Anaiyang'ana, anaitembenuza, kenako anati mawu ake ndi opyapyala ngati a mwana wa sukulu. Apa sindinatsutse, sipika ya yakaleyo ndi yaikuludi. Tinagwirizana kuti yakaleyo izikhala m'nyumba pamthunzi, ndi mabatire abwino, azimvera nyimbo ndi mpira. Yatsopanoyo ndi ya nkhani, zanyengo ndi mauthenga achisoni.

Lachiwiri lapitali azakhali anandiimbira foni. Akuti agogo amayatsa zonse ziwiri nthawi imodzi, pa siteshoni imodzi, kuti aone yomwe iyambe kunama.