Mawu ndi ake, koma sanayankhule ndi iye

Ku Eiffel Flats, kufupi ndi Kadoma, kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito pa mgodi wa golide wa Cam and Motor ndi m'mafamu a ku Chegutu. Kwa anthu amenewa, voti si chinthu chamasewera. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko lobadwira, ndipo mayina awo anachoka m'kaundula wa oponya voti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo ndi a m'maiko a SADC, naika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Ufulu umene unapezeka movutikira chotere tsopano wapeza mdani wina. Luso la makompyuta lotchedwa AI limatenga mawu ndi nkhope ya munthu n'kumuyankhulitsa zimene iye sananene. Mu October 2023, ku Zambia kunafala kanema woonetsa Pulezidenti Hakainde Hichilema akuti sadzaimanso pa chisankho cha 2026, koma kanemayo anali wopeka. Mwezi wa September chaka chomwecho ku Slovakia, kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, kunamveka mawu onga a mtsogoleri wa chipani china, a Michal Šimečka, akukonza zobera chisankho. Nthawi yotsutsa bodzalo inali itatha kale.

Zimbabwe nayo inalawako chinyengo cha mtundu umenewu, ngakhale kuti chinali cha pa pepala. Pa 23 August 2023, tsiku loponya voti, m'misewu ya Harare munamwazidwa timapepala tabodza tokhala ndi chithunzi cha a Nelson Chamisa touza anthu kuti asavote. Pepala limathera pamene lagwera, koma mawu a pa WhatsApp amafika m'komboni monse dzuwa lisanalowe, ngakhale kwa agogo osadziwa kuwerenga.

Kodi lamulo likuti chiyani? Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limalola khoti kulamula chindapusa kapena ndende ya zaka zosapitirira zisanu kwa wofalitsa dala uthenga wabodza wonena za munthu wodziwika n'cholinga chomupweteka. Komatu milandu imayenda pang'onopang'ono; pomadzagamula, mavoti anawerengedwa kalekale. Chinanso, bodza loopsa kwambiri kwa anthu a ku Eiffel Flats silitchula dzina la munthu. Limangoti malo ovotera asintha, kapena kuti ana a alendo saloledwa kuvota. Munthu amene anabwezedwapo pa mzere sangachedwe kukhulupirira.

N'chifukwa chake pakufunika lamulo loletsa msanga, osati lolanga mochedwa. Maiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2024 loti kanema kapena mawu opangidwa ndi AI azikhala ndi chizindikiro chonena choncho. Zipani za kuno zingathe kumangidwa ndi lamulo lotere, ndipo bungwe la Zimbabwe Electoral Commission liyenera kumatsutsa bodza tsiku lomwelo, m'Chichewa momwe. Lamulolo lilimbane ndi wopeka, lisasanduke chingwe chomangira atolankhani ndi odzudzula boma.

Podikira zimenezi, alangizi a zaulimi, azaumoyo a m'midzi, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a maliro ndiwo alonda oyamba. Uthenga wodzidzimutsa ukafika, afunse amene wautumiza ndi kumene wautenga, amvere ngati wailesi yanenako, kapena aone kwa ofufuza nkhani monga a ZimFact asanaupatsire ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za malo ndi ufulu wovota, yankho lili ku ofesi ya zachisankho ya m'boma lawo, ndipo wolembetsa aliyense akadzionere yekha dzina lake m'kaundula.