Makombola pa Mathithi: Kodi Malaŵi Atengere Niagara?

Masiku ano mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene ali ndi foni amaona zithunzi za malo amene makolo ake ankangowamva m'kalasi. Mwa zithunzi zimene zimadabwitsa achinyamata pali za mathithi a Niagara, amene ali m'malire a Canada ndi United States. Pa zithunzizo madzi amaoneka ofiira, obiriŵira ndi achikasu, pamene kumwamba makombola akuphulika ngati maluŵa a moto. Ambiri akaziona amafunsa kuti: bwanji kuno ku Malaŵi, kumene mathithi ali ambirimbiri, osachita chimodzimodzi kuti alendo achuluke? Funsoli ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa. Koma wolilingalira bwino adzaona kuti chimene Malaŵi angaphunzire ku Niagara chagona pa madzi, ndipo makombola ndi nkhani yaing'ono.

Poyamba nkofunika kudziŵa zimene zimachitika kumeneko. Mathithi aakulu a Niagara, otchedwa Horseshoe, ndi otalika mamita oposa 50. Kuyambira mu 1925 pali bungwe limene ntchito yake ndi kuwaunikira usiku ndi nyali zamitundumitundu, ndipo m'miyezi yofunda amaphulitsa makombola madzulo kwa mphindi zoŵerengeka. Wofuna kujambula amafika dzuŵa lisanaloŵe kuti apeze malo abwino. Kamera amaiimika pa choimikira cha miyendo itatu, chifukwa dzanja la munthu limanjenjemera. Kenaka amatsekula kachitseko ka kamera kwa masekondi aŵiri, atatu kapena anai, kuti kuŵala kwa khombola kulembe njira yake yonse pa chithunzi. M'masekondi omwewo madzi akugwa amatuluka osalala ngati thonje lopota. Luso limeneli silifuna ndalama zambiri, ndipo mafoni ena a masiku ano amatha kuchita zofanana ndi zimenezi akakhazikidwa pamwala.

Palibe angakane kuti zionetsero zotere zili ndi phindu. Mlendo amene akadabwerera masana amagona kuti aone makombola, ndipo akagona amalipira chipinda, chakudya ndi galimoto. Dziko limene achinyamata ake ambiri amatsiriza sukulu nkusoŵa ntchito silingapeputse ndalama yotere.

Komatu chithunzi sichinena zonse. Anthu a ku Niagara anayamba ateteza malowo. Mu 1885 boma la New York linatenga malo ozungulira mathithi ku mbali yake, kumene kunadzaza zigayo ndi mafakitale, nkuwasandutsa paki ya anthu onse. Mu 1950 Canada ndi United States anasainirana pangano lonena kuchuluka kwa madzi amene ayenera kugwa pa mathithiwo, ngakhale maiko onse aŵiri amapatutsa madzi a mtsinjewo kukapukusa magetsi. Masana, m'nyengo ya alendo, madzi osachepera makyubiki mita pafupifupi 2,800 ayenera kugwa pa sekondi iliyonse. Usiku ndi m'nyengo yozizira amatsika kufika theka. Tsono nyali ndi makombola zikukongoletsa chinthu chimene lamulo lidachitchinjiriza kale. Wotengera makombola okha angafanane ndi munthu wopaka laimu nyumba imene mizati yake yadyedwa ndi chiswe.

Chachiŵiri, mathithi a m'dziko muno ali m'malo osiyana kwambiri ndi Niagara, amene azunguliridwa ndi mizinda, mahotela ndi misewu. Mathithi a Williams ali pa mtsinje wa Mulunguzi, m'kati mwa nkhalango ya pa phiri la Zomba. A Manchewe, otalika mamita oposa 100, ali pa therezi la mitengo kufupi ndi Livingstonia. A Likhubula ali m'munsi mwa phiri la Mulanje. A Kapichira ali m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, m'mene muli njovu, zipembere ndi mikango zimene zinabwezeretsedwamo movutikira kuyambira mu 2003. Nyengo yosavuta kuyenda alendo ndi ya chilimwe, ndipo ndi nyengo yomweyo imene udzu umakhala utauma gwaa. Aliyense wokulira m'munsi mwa mapiri a Chikala amadziŵa zimene kamoto kamodzi kamachita mu Okotobala mphepo ikuomba. Chisangalalo cha mphindi zisanu chingathe kupsereza mitengo ya zaka makumi atatu, ndipo madzi akatayika saoleka.

Ofuna chodabwitsa cha usiku angayang'ane ku Mosi-oa-Tunya, mathithi a pa Zambezi amene David Livingstone anawaona mu 1855 nawatcha Victoria. Mathithi ameneŵa ndi otambalala mamita pafupifupi 1,700 ndipo pena amagwa mamita oposa 100. Mwezi ukakhala wathunthu, madzi ali ochuluka, mu nthunzi ya mathithiwo mumaoneka utawaleza wa usiku. Alendo amalipira kuti aloŵe usiku kukauona, ndipo luso louujambula ndi lomwe lija la makombola: kamera yosagwedezeka, kachitseko kotsekula kwa masekondi angapo, ndi mtima wodekha. Nyama sizidzidzimuka, tchire silipsa. Koma utawalezawo umadalira madzi.  Kumapeto kwa 2019, chilala chitakula, dziko lonse linaona zithunzi za matanthwe ouma pa mbali ina ya mathithi omwewo.

Chachitatu, mathithi a Malaŵi amaŵala kale usiku uliwonse, kungoti kuŵala kwake kumaonekera kutali. Mtsinje wa Shire ukadutsa Matope umatsika mamita oposa 300 m'mathithi otsatizana mpaka ku Kapichira, pamene sitima ya Livingstone inalephera kupitirira mu 1859. Kutsika kumeneku ndiko kumapukusa magetsi ambiri a dziko lino. Nkula inayamba ntchito mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Babu loyaka m'chipinda cha azimai oyembekezera kapena m'kalasi imene ophunzira akukonzekera mayeso ndilo khombola lenileni la mathithi a Shire.

Ambiri mwa madzi ameneŵa amadutsa pa Liwonde, pakati pa Machinga ndi Balaka, pamene pali chotchinga cha Kamuzu Barrage chimene chinamangidwa mu 1965. Mitsinje ngati Rivirivi ndi Likwenu imathira mu Shire zonse zimene yatola m'minda ndi m'mapiri. Mitengo ikatha chifukwa cha makala ndi lupsa, mvula imakokolola nthaka, matope nkukadzaza maiŵe a ku Nkula ndi ku Kapichira, makina nkumaima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Mbiri imakumbutsanso kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire analeka kutuluka bwino m'nyanja ya Malaŵi. Anthu a kwa Kawinga safunika kuuzidwa kuti madzi aakulu amatha kuchoka, popeza nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, asodzi nkusiya mabwato pa dothi long'aluka.

Apa ndi pamene kamera ingagwire ntchito yoposa kusangalatsa maso. Mphunzitsi wa jogalafe wa ku Nsanama kapena ku Ntaja angathe kutenga ophunzira ake kupita ku phiri la Zomba ndi kubwerako tsiku lomwelo. Kumeneko adzawaonetsa kuti madzi a Mulunguzi amakathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'Chilwa, nyanja ya kwao komwe. Asankhe mwala umodzi woimapo, ajambule mathithi mu Malichi ndi mu Okotobala, alembe tsiku pa chithunzi chilichonse, ndipo kalasi yotsatira idzachite chimodzimodzi pa mwala womwewo. Sukulu imene singakwanitse ulendo ichite zomwezo pa mtsinje wapafupi. Pakatha zaka khumi sukuluyo idzakhala ndi umboni umene mfumu, phungu ndi wa zankhalango sangautsutse, woonetsa ngati madzi akuchepa kapena mitengo ikubwerera.

Nayenso wachinyamata wotsiriza sukulu ali ndi poyambira. Mlendo wofika pa mathithi amafuna womulondolera njira, wodziŵa ora limene dzuŵa limagwa bwino pa madzi, wotha kufotokoza chifukwa chake anthu akale ankabisala m'phanga la kuseri kwa Manchewe m'masiku a nkhondo ndi ukapolo. Nzeru zotere zimapezeka pofunsa akuluakulu ndi poŵerenga, ndipo zimadyetsa munthu chaka chonse. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Makombola ali ndi malo ake: pa bwalo la maseŵera tsiku la ufulu, kapena m'tauni usiku wa chaka chatsopano, pamene pali poyera ndi ozimitsa moto ali pafupi. Ku mathithi, ndalama zimene zikadapsa m'mwamba zigule mbande za mitengo, zilambule njira zotchinga moto, zimange masitepe ndi zogwirira kuti ana asukulu asaterereke. Dziko likadzakhala ndi malamulo osunga madzi a mathithi ake, ndipo malamulowo akutsatidwa kuyambira ku Chikala mpaka ku Kapichira, pamenepo nkhani ya nyali zamitundumitundu idzakhala ndi pokhala.