Ndalama za NAPSA zabwela msanga, nanga tikakhala kuti?

Kuyambila mu Epulo 2023, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo latsopano la NAPSA, wanchito amene wasonkha miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, angatengeko 20 pelesenti ya zosonkha zake asanapume pa nchito. Ambili m'mipingo yathu anatenga, ndipo ambili anagula poloti kapena malata. Apa ndiye kuti funso limene kale munthu anali kuliganizila atatsala pang'ono kupuma, lakuti ndikakhala kuti, tsopano akuliyankha ali ndi zaka 45, thupi likali lolimba. Ife tikuona kuti ngozi ili pamenepo. Malo amene akomela munthu wa zaka 45 si onse amene adzasunga nkhalamba ya zaka 72.

Mtima umakokela kumudzi, ndipo n'zomveka. Kulibe lendi, nkhuni zili pafupi, abale alipo. Koma BP ndi shuga sizifunsa kumene munabadwila. Wodwala amene afunika kuonedwa mwezi uliwonse amasiyana kwambili ngati akhala pafupi ndi St Francis ku Katete kapena Chipata Central, poyelekeza ndi amene ayenela kukwela njinga makilomita 40 nthawi ya mvula. Kadi ya NHIMA ithandiza pokhapo mukafika pa cipatala cimene ciilandila. Ndipo cipatala cacikulu ca khansa cili ku Lusaka, makilomita oposa 550 kucokela ku Chipata. N'cifukwa cake matauni apakati monga Petauke, Katete kapena Chongwe ayenela kuganizilidwa: munda uli pafupi, cipatala cili pafupi, basi ipita tsiku lililonse.

Za malo tinene mwacidule. Malo amene mfumu yapeleka ndi mau cabe ndi ovuta kuwateteza mwamuna akamwalila, ndipo amavutika ndi amai amasiye. Mapepala akhalepo njelwa isanaumbidwe.

Nanga nchito? Kuyambila 2015 zaka zopumila ndi 60, ngakhale munthu angapume pa 55 kapena kufika 65. Wopuma pa 55 angakhale ndi zaka 20 kapena kuposa zofunika kudya, ndipo penshoni ya amene anatengako 20 pelesenti idzacepa. Pafupifupi aliyense amati adzalima. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, cinaonetsa kuti cimanga ca mvula si penshoni yaciwili. Amene anaika ndalama m'cigayo kapena m'nkhuku nawonso analila magetsi atasowa cifukwa madzi anacepa ku Kariba.

Amene akupilila bwino ndi aja amene anapitiliza nchito imene aidziwa kale. Mphunzitsi aphunzitsa ana masana, nesi athandiza pa kiliniki, kalipentala akali ndi mashini ake. Nchito zotele zifuna anthu okhala ndi kandalama kolipila, ndipo anthuwo ali m'tauni. Abusa athu amene akhala zaka 30 m'nyumba za mpingo, funsoli liwakhudza kuposa onse, pakuti tsiku lotsazikana makiyi amatsala.