Masika ano, mphunzitsi wa mawa apalase njinga

Pakati pa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi pali umphawi wina umene sutchulidwa m'kalasi. Tikukonzekera kukaimirira pamaso pa ana n'kumawaphunzitsa za zamoyo, za nyengo ndi za kusamala chilengedwe, koma mutaimitsa ophunzira khumi pakhomo la laibulale n'kuwafunsa mayina a mbalame zimene zimatera m'mitengo ya pakoleji pano, ambiri angathere pa khwangwala ndi njiwa. Pa bolodi tonse timatha kujambula kuti udzu umadyedwa ndi mbidzi, ndipo mbidzi imadyedwa ndi mkango. Mwana wa ku Ntcheu amene tikamuphunzitse zimenezi mwina sadzaiona mbidzi moyo wake wonse, pamene chiwala, bilimankhwe ndi kabawi, zimene zimadyanadi kuseri kwa sukulu yake, palibe amene amazitchula.

Maganizo anga ndi akuti mankhwala a umphawi umenewu ndi otchipa. Pakufunika njinga, kope ndi buku limodzi labwino. Nthawi yake ndi ino ya masika, miyezi ya Epulo ndi Meyi.

Masika ali ndi mwayi umene nyengo zina zilibe. Mvula yakata ndipo matope auma m'misewu ya kumidzi, koma fumbi silinayambe ndipo moto wolusa sunalowe m'tchire. Dzuwa siliwotcha ngati la mu Okutobala, ndipo mphepo ya mwera sinafike poumitsa zala pa handulo. M'mbali mwa msewu deliya wachita maluwa achikasu, chisoso chikumata m'mathalauza, chimanga chikuimikidwa m'mikukwe. Minda ikayera, zamoyo zimene zimabisala m'chimanga dzinja lonse zimaonekera poyera.

Malamlungu atatu apitawa ndapalasa m'mawa m'misewu yafumbi imene imapatuka pa M1 pakati pa Mlangeni ndi Lizulu. M'kope langa mwalowa gulu la nkhanga likutola m'munda wokololedwa, nkhwali ziwiri zikudutsa msewu mothamanga, nyenga imene idaima kaye n'kundiyang'ana isanalowe m'udzu, ng'azi ikuwothera dzuwa pamwala wa pamtsinje, ndi chisa cha nantchengwa pamphanda pa mtengo. Chisa chimenechi n'chachikulu koposa dengu la tomato, chili ndi denga ndi khomo lake, pomwe mwini wake ndi mbalame yosaposa nkhuku. Pa zonsezi sindidalipire khobidi pa geti ya wina aliyense.

Chofunika kwambiri kwa mphunzitsi n'chakuti m'masika zinthu zimasintha munthu akuona. Anamzeze amene amadzaza pa mawaya a magetsi mu Malichi, a khosi lofiirira ndi mchira wa mphanda, pofika Meyi amakhala atapita. Amakaswera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, ulendo wa makilomita masauzande ambiri, pomwe kambalame kake sikalemera n'komwe magalamu 25. Si anamzeze onse amene amachoka, ena timakhala nawo chaka chonse, ndipo kusiyanitsa awiriwo ndi phunziro lokwanira sabata yathunthu. Lumbe wa nthenga ziwiri zazitali m'mapiko, amene amaswera kuno mvula ikamayandikira, nayenso amabwerera kumpoto kwa Africa yapakati. M'madambo muli kambalame kofiira ndi kakuda kamene kamadzitukumula pa bango dzinja lonse. Mukapitako mu Meyi simukaona, koma sikanachoke. Kathothola nthenga zaukwati n'kuvala zotuwa zonga za mkazi wake. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake safunikanso kuloweza tanthauzo la kusamuka kwa mbalame kapena kuzolowera malo, chifukwa mawu a m'buku amangofika pa chinthu chimene akuchidziwa kale.

Wina angafunse kuti bwanji osangoyenda pansi. Woyenda pansi amatha makilomita 5 pa ola, ndipo pofika nthawi yobwerera amakhala akadali m'minda yomwe ija. Wa pa minibasi amaona mitengo ikuthawa pa windo, makutu ali pa wailesi ndi pa kondakitala. Wapanjinga, ngakhale asakuthamanga, amatha makilomita 12 kapena 15 pa ola, choncho m'mawa umodzi amadutsa dambo, munda, mtsinje ndi kankhalango ka kumanda. Njinga ilibe injini yothamangitsa nyama, ndipo kuti uime umangogwira buleki n'kuponda pansi. Amene ali ndi miyendo yolimba ayese msewu wa Khwekhwerere, wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Pamwamba anyamuka atavala juzi pakati pa minda ya mbatata ya kachewere ndi kabichi, kumunsi akafika akutuluka thukuta pakati pa milambe. Phunziro lonse la mmene kukwera kwa malo kumasinthira kutentha ndi zomera lili pa msewu umenewo. Pobwerera njingayo adzaikankha ndithu, ndipo malo otsetsereka amenewo safuna mabuleki ongoyerekeza.

Kuona kokha sikukwanira, pafunikanso kuwerenga. Temu ino ndawerenga buku la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe lidatuluka mu 2009. Ambiri amakumbukira makina amphepo amene mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja adamanga ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Ine chimene chidandigwira ndi ndondomeko yake. Adayamba waona dayinamo ya njinga ikuyatsa nyale, n'kumafunsa kuti zikutheka bwanji. Atalowa mu kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale n'kupeza buku la Using Energy, funso adali nalo kale, ndipo bukulo lidangomuyankha. Makina akewo adagwiritsanso ntchito felemu ya njinga ndi dayinamo. Ophunzira ambiri timachita mosemphana ndi zimenezi. Timaloweza mayankho a mafunso amene sitinafunsepo, ndiye mayeso akatha zonse zimauluka.

Mabuku onena za zamoyo za dziko lathu alipo. Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa The Birds of Malawi mu 2006, buku limene limafotokoza mitundu ya mbalame pafupifupi 650 yopezeka m'dziko muno ndi kumene mtundu uliwonse umakhala. Brian Morris, amene adagwirapo ntchito m'minda ya tiyi kuno asanakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, adalemba The Power of Animals mu 1998. Ndili pakati powerenga bukuli, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti zambiri zimene zili m'menemo adazimva kwa alenje ndi alimi a kumudzi, anthu onga agogo athu. Nzeru zimene mlendo adaziona kuti n'zoyenera kulembedwa m'buku, ife eni ake tikuzisiya kuti zilowe m'manda.

Taganizirani anyamata amene amaimika mpani wa mbewa m'mbali mwa M1. Ife mbewa sitidya, koma tisawapeputse. Mnyamata wotere amasiyanitsa kapuku, mende ndi bwampini, amadziwa una wa chilichonse, chakudya chake ndi nyengo imene chimanenepa. Kumeneko ndiye kugawa zamoyo m'magulu kumene silabasi imafuna. Koma akalowa m'kalasi amapeza mphunzitsi amene sadziwa mayina amenewa, ndipo amaphunzira msanga kuti zimene akudziwa si sayansi. Amakhala kumbuyo, amalephera, kenako amasiya sukulu. M'makalasi athu timaimba za TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, koma timangoganiza za makatoni ndi zitsekerero za mabotolo. Dambo la kuseri kwa sukulu ndi nzeru za mwana wosaka mbewa ndi TALULAR yoposa zonse, ndipo mphunzitsi amene sanalowemo m'dambomo sangazigwiritse ntchito.

Nkhaniyi ikukhudzanso moyo wa zamoyozo. Ana athu amakula akuganiza kuti nyama zakutchire ndi zokhazo za mu mpanda wa ku Majete, kumene bungwe la African Parks lidayamba kusamala mu 2003, kapena ku Liwonde, kumene lidayamba mu 2015. Ntchito ya kumeneko ndi yotamandika, koma ana ambiri a kumudzi sadzafikako. Lamulo loteteza nyama lidakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka ndi ngaka kapena minyanga ya njovu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Komabe palibe wapolisi amene adzathamangire mwana wa legeni amene akugenda pumbwa kuti angoyesa dzanja. Palibe khoti limene lidzaweruze mudzi umene wapha kadzidzi pomuganizira ufiti, chikhalirecho kadzidzi amadya makoswe omwe amatha chimanga m'nkhokwe. Bilimankhwe amaphedwa ngati kuti ali ndi ululu pamene alibe. Tchire lonse limapsa chifukwa cha mbewa zodzaza chipewa chimodzi. Pa zinthu zotere munthu amene angasinthe mtima wa mwana ndi mphunzitsi, ndipo ana amadziwa msanga ngati akulankhula zimene adaona kapena zimene adakopera m'buku dzulo usiku.

Zifukwa zokanira ndazimva, ndipo zina n'zomveka. Choyamba ndi msewu. M1 ndi yoopsa kwa wapanjinga, chifukwa malole ndi maminibasi sasiya malo, ndipo m'malo ena m'mphepete mwa tara mudagumuka. Yankho lake ndi kuipewa. Zamoyo sizili pa tara ayi, zili m'misewu yafumbi ndi m'njira za kudimba. Pamene simungachitire mwina, palasani kumanzere, mondondozana, masana okhaokha, mutavala zowala.

Chachiwiri ndi nthawi. Ma asainimenti ndi ambiri ndipo mayeso ali pafupi. Koma maola atatu a Lamlungu m'mawa ambiri timawathera pa WhatsApp ndi Facebook, bando n'kutha mutu uli wolemera. Wobwera kopalasa amagona bwino ndipo amawerenga ndi mutu wozizira.

Chachitatu sichinenedwa poyera. Ambiri amaona kuti munthu wa pakoleji sayenera kuoneka pa njinga, ati anthu amuyesa wakabaza. Manyazi amenewa ndi odabwitsa kwa anthu amene tikudziwa kumene tikupita. Sukulu zambiri zimene zikutidikira zili kutali ndi tara, ndipo njinga ndi imene idzatifikitse kumsika, kuchipatala ndi kumisonkhano ya aphunzitsi. Wakabaza amene timamunyozayo amadyetsa banja ndi miyendo yake, ndipo mukamufunsa bwino adzakuuzani pamene pamadutsa gwape m'mamawa. Alongo athu ena amaopa kunenedwa, koma amayi a kumidzi yozungulira kuno amapalasa tsiku ndi tsiku atanyamula thumba la kuchigayo pa kaliyala, ndipo palibe amawatembenukira.

Chomaliza ndi ndalama. Si onse ali ndi njinga, ndipo mabuku a mbalame ndi odula. Koma njinga imabwerekedwa, ndipo anthu asanu akhoza kusinthana ziwiri, gulu lina sabata ino lina sabata yamawa. Buku limodzi litakhala mu laibulale likhoza kutumikira koleji yonse, ndipo ndikupempha akuluakulu oona za laibulale kuti pa mabuku ogula chaka chino pakhale limodzi la zithunzi za mbalame za m'chigawo chino cha Africa.

Pempho langa kwa anzanga ndi losavuta. Pezanani anayi kapena asanu. Onani mabuleki, tengani pampu, zomatira chubu, madzi ndi kope. Mukaona chamoyo imani, khalani chete, muchiyang'ane mpaka mutatha kuchifotokoza, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani tsiku, malo, kukula kwake, mtundu wake ndi chimene chimachita. Mukapeza agogo akukolola, tsikani pa njinga, muwapatse moni mwaulemu, muwafunse dzina lake la Chichewa. Madzulo fufuzani m'buku kapena pa intaneti, mulembe mayina onse awiri moyandikana. Atsogoleri a ma Pathfinder m'mipingo yathu akudziwa kuti pali kale mabaji a mbalame ndi a kupalasa njinga, ndipo ulendo umodzi ukhoza kutumikira onse awiri. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba mu 1947, limathandiza makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndipo kalabu yotere imayenda bwino pamene pali mphunzitsi wodziwa zimene zili kunja kwa windo.

Kope limeneli mudzapita nalo kokayeserera uphunzitsi, ndipo lidzakuthandizani koposa manotsi okopera. Mukalemba tsiku limene mwaona namzeze wa ku Ulaya komaliza masika ano, mudzakhala ndi chifukwa choyang'ana pa mawaya mu Okutobala ndi Novembala, pamodzi ndi ana a kalasi yanu, kudikira tsiku limene abwerere. Koma musachedwe kuyamba. Pofika Julayi udzu udzakhala utauma, utsi utayamba m'mapiri, ndipo zambiri zimene zikuoneka lero zidzakhala zitathawa moto.